Loko Wothyoka Ndi Mboni ya Mlonda

M'maesiteti a tiyi a ku Thyolo ulemu wa munthu unkayezedwa ndi makiyi. Aliyense amene adakulira ku Makwasa, ku Naming'omba, ku Conforzi, ku Nchima kapena ku Satemwa, komwe Maclean Kay adakhazikitsa esiteti yake m'chaka cha 1923, akhoza kundichitira umboni. Wotchola tiyi adalibe kiyi wina aliyense kupatula wa kaloko ka pakhomo pake kumalayini. Kapitawo adali ndi kiyi wa shedi yosungiramo madengu ndi sikelo. Dalaivala wa thirakitala yotuta masamba adali ndi wake womangirira ku kachingwe kakuda ndi mafuta. Kalaliki wa kusitolo ndiye ankayenda ndi mpukutu wonse m'chiuno, ndipo ana tinkadziwa kuti akubwera tisanamuone n'komwe, poti makiyiwo ankalira ngati maseche a wovina tchopa.

Kupatsidwa kiyi kudali kulemekezedwa, koma kudalinso kusenzetsedwa mlandu usanachitike. Madzulo aliwonse makiyi ankabwezedwa ku ofesi, wobweza n'kusayina m'buku, wolandira n'kusayinanso. Chinthu chikasowa, funso loyamba linkakhala lakuti: kodi kiyi adagona m'thumba mwa yani? Ndayamba ndi makiyi akalewa chifukwa ndikufuna kukamba za kiyi watsopano amene wafala m'dziko muno, kiyi wa galimoto amene salowa pabowo lililonse, komanso za munthu amene kiyi ameneyu angamugonetse m'chitokosi ngakhale munthuyo sadzagulako galimoto moyo wake wonse.

Bambo anga adagwira ntchito yaulonda kwa zaka zambiri pa esiteti ina yomwe sinditchula dzina. Iwo ankakonda kunena kuti, "Mwanawe, loko ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuchedwetsa wakuba. Yachiwiri ndi kundiyankhulira ine m'mawa kukacha." Mawu amenewa adawaphunzira pa zinthu ziwiri zimene adaziona ndi maso. Chaka china, usiku wa mvula, akuba adabwera ndi chitsulo, nathyola loko wa nyumba yosungiramo feteleza n'kusenza matumba. Akuluakulu atafika m'mawa adapeza loko ali pansi zidutswa ziwiri, mapazi a anthu ambiri atadinda m'matope kulowera m'nkhalango ya bulugama. Alonda adakalipiridwa chifukwa cha tulo, ena adawadula malipiro, koma palibe amene adatchedwa wakuba.

Patapita zaka zingapo matumba adasowanso m'nyumba yomweyo, koma ulendo uno loko adali chitsekere, wopanda ngakhale chipsera. Tsiku lomwelo mnzawo wa bambo amene adali pa ulonda adakagona kupolisi. Ntchito idatha pomwepo, banja lake lidatulutsidwa m'nyumba ya kumalayini nyengo ya mvula, ana adasiya sukulu pakati pa teremu. Padapita miyezi kuti zidziwike zoti munthu wina wa mu ofesi adadinda kiyi pa sopo n'kukasulitsa wina m'tauni. Apo n'kuti mlonda uja atabwerera kale kumudzi kwawo, dzina litaipa, ndipo palibe amene adamulondola kukamupepesa. Loko wothyoka adapulumutsa alonda a poyamba aja. Loko wamphumphu adamiza mnzawoyu.

Masiku ano msewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo mpaka ku Luchenza wadzaza ndi magalimoto a kaunjika ochokera ku Japan. Aphunzitsi, anamwino, makalaliki a m'fakitale ndi anyamata oyendetsa ma Sienta onyamula anthu amaitanitsa pa intaneti, galimoto n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe ku Karonga. Ambiri mwa magalimoto amenewa ndi aja anyamata amawatcha kuti a push start. Kiyi wake ndi kachipangizo konga bokosi la machesi. Kamangokhala m'thumba, inu mukagwira chitseko chimatseguka, mukadina batani injini imalira. Nzeru imeneyi si yadzana. Kampani ya Renault idaika rimoti yotsegulira zitseko pa galimoto yake ya Fuego m'chaka cha 1982, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Mercedes-Benz idatulutsa galimoto ya S-Class yotseguka ndi kulira kiyi ali m'thumba. Zimene zidali za anthu olemera a ku Ulaya tsopano zili m'kagalimoto kotengera tomato pa msika wa Bvumbwe.

Inenso ndili nako kanga kotere, ndipo sindinama, n'kosangalatsa. Mvula ikamagwa mutanyamula mwana ndi jumbo ya ufa, simufunika kutula katundu pansi kuti mupise m'thumba. Usiku simupapasa bowo la kiyi mumdima. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyerere zina ndi zazing'ono, zoluma tsiku ndi tsiku, ndipo ndiyamba ndi zimenezo.

Pa maliro a azakhali anga, kumudzi kwathu kuseri kwa minda ya tiyi, tidadalira galimoto ya msuweni wanga. M'mawa wa tsiku loika maliro iye adapita pa msika wa Bvumbwe kukagula ndiwo pamodzi ndi amayi awiri ndi mphwake amene amadziwa kuyendetsa. Atapakira kabichi ndi nyemba, msuweniyo adatsala pamsikapo kudikira abale ochokera ku Blantyre, nauza mnyamatayo kuti akatule katundu kenaka akatenge abusa. Injini idali ikulira, choncho mnyamatayo adangokhala pa chiwongolero n'kunyamuka, kiyi ali m'thumba la jekete ya amalume ake. Galimoto idalira kabelu, idalembanso chenjezo patsogolo pa dalaivala, koma m'zilembo za Chijapani zomwe palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amaziwerenga. Atafika pasiwa adazimitsa injini. Basi, sidadzukenso. Tidachita kutuma wa kabaza ya njinga yamoto kukatenga kiyi, msewu uli matope okhaokha, ndipo wa kabaza wina ndiye adakatenga abusa. Mwambo udayamba dzuwa litapendeka, adzukulu atatopa ndi kudikira kumanda. Agogo ena aamuna adamufunsa msuweni wanga atafika kuti, "Kodi inu achimwene, ndi galimoto yanji imeneyi, yoyenda popanda kiyi koma yokana kudzuka popanda kiyi?"

Funso la agogowo lili ndi yankho. Opanga magalimoto adachita dala kuti injini isazime kiyi akatalikira, chifukwa galimoto yozima yokha ili pa liwiro, tinene potsetsereka ndi pokhota ngati m'misewu ya ku Thyolo, ingaphe anthu. Ganizo limeneli ndi labwino. Koma likutanthauzanso kuti aliyense amene wakwanitsa kuiliza galimotoyo kamodzi kokha akhoza kuyenda nayo mpaka mafuta atathera, kiyi ali kutali. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Nyerere yachiwiri ndi kabatire. M'kati mwa kiyi muli kabatire kobulungira ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri ka mtundu wa CR2032, komwe kamatha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri. Pa okala ya pa esiteti mupezapo mabatire a tochi ndi a wailesi, koma kotere ayi. Opanga adaikamo njira yopulumukira: m'mimba mwa kachipangizoko mudabisika kiyi wachitsulo wotsegulira chitseko cha dalaivala, ndipo m'magalimoto ambiri mukagunditsa kachipangizoko pa batani loliza injini, galimoto imakamva ngakhale batire litafooka. Koma zimenezi zidalembedwa m'buku la galimoto, ndipo bukulo, likakhalamo n'komwe, ndi la Chijapani. Ndidapezapo mphunzitsi wina ataima pambali pa galimoto yake pa boma, chiperoni chikumunyowetsa, kiyi wachitsulo ali m'manja mwake momwemo iye osadziwa.

Yachitatu ndi yakuti magalimoto ambiri a kaunjika amabwera ndi kiyi mmodzi yekha. Kiyi wakale akatayika, kapena mukafuna wapadera, munkapita kwa wosula makiyi mu Limbe n'kubwerako tsiku lomwelo. Watsopanoyu akagwera m'ngalande ya m'munda wa tiyi, kapena akachapidwa pamodzi ndi buluku, nkhani yake ndi yaitali. Muyenera kupeza kachipangizo kogwirizana ndi galimotoyo, poti makiyi a ku Japan amayankhula pa mafunde a pafupifupi 315 MHz pamene ambiri a ku Ulaya ali pa 433 MHz. Mukakapeza, pafunikanso katswiri wokhala ndi kompyuta kuti adziwitse galimoto za kiyi watsopanoyo, ndipo katswiriyo muchita kumutenga ku Blantyre, kapena kuikweza galimotoyo pa lole. Mnzanga wina wa mu fakitale atataya wake, mtengo umene adamuuza udaposa malipiro a pamwezi a mayi wotchola tiyi. Galimoto idakhala pansi pa mtengo wa mapeyala miyezi iwiri, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake.

Pali nyerere ina imene imapha. Ndi kiyi wakale, kutuluka m'galimoto ndi kiyi m'manja kunkatanthauza kuti injini yazima. Ndi watsopanoyu munthu akhoza kutuluka, kiyi ali m'thumba, injini ikulirabe, makamaka m'magalimoto aja oyendera mafuta ndi magetsi omwe amakhala chete akaima kenaka n'kudzilizanso okha. M'chaka cha 2018 nyuzipepala ya The New York Times idawerenga anthu 28 amene adafa ku America kuyambira 2006, ndi ena 45 amene adavulala, chifukwa cha mpweya wa carbon monoxide wochokera m'magalimoto otere oiwalidwa akulira m'galaja yolumikizana ndi nyumba. Ife a ku Thyolo mpweya umenewu timaudziwa bwino. Ndi womwe uja umagoneka banja lonse tulo tosadzuka likalowetsa mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera usiku wozizira wa mu Juni. Nyumba zambiri zimene anthu akumanga masiku ano m'matauni zili ndi galaja yoyang'anizana ndi chipinda chogona.

Tsopano tifike pa nkhani ya akuba. Kuti timvetse m'mene amabera, tidziwe kaye m'mene galimoto ndi kiyi wake amayankhulirana. Mukagwira chogwirira chitseko, galimoto imanong'ona pa mafunde a wailesi ofooka kwambiri, omveka pa mtunda wa mita imodzi kapena mamita awiri basi, ngati ikufunsa kuti, "Kiyi wanga, uli pompano?" Kiyi akamva amayankha ndi mawu achinsinsi, ndipo yankho lakelo ndi lamphamvu, lomveka patali ndithu. Opanga adaganiza motere: ngati kiyi wamva kunong'ona, ndiye kuti ali pafupi, ndipo ngati ali pafupi, mwini galimoto waima pomwepo. Galimoto ilibe maso. Ili ngati gogo wosaona amene amatsegula chitseko akangomva mawu a mdzukulu wake.

Amene tidakulira m'mapiri a tiyi tikudziwa m'mene mawu amawolokera chigwa. Mayi akaitana mwana ali kutsidya, mwanayo osamva, munthu wina amene ali pakati amalandira mawuwo n'kuwaponya patsogolo: "Iwe, akukuitana amako!" Akuba a magalimoto amachita chimodzimodzi. Amabwera awiri. Mmodzi amaima pa galimoto ndi kabokosi kolandira kunong'ona kuja, mnzake n'kuyandikira khoma kapena zenera la nyumba ndi kabokosi kena kobwereza kunong'onako. Kiyi ali phee pa tebulo kapena m'thumba la buluku lopachika kuseri kwa chitseko, amamva ngati galimoto yake ili pambali pake, n'kuyankha. Zitseko zimatseguka. Akabwereza kachiwiri, injini imalira. Safunika kudziwa mawu achinsinsi aja, ntchito yawo ndi kungowanyamula kuchokera m'nyumba kukafika panja. Ndipo monga tidaonera pa maliro paja, galimoto ikangolira siifunanso kiyi kuti iyende.

Izi si nthano za pa bawo. M'chaka cha 2011 akatswiri atatu a pa sukulu ya ukachenjede ya ETH Zurich ku Switzerland, Aurélien Francillon, Boris Danev ndi Srdjan Capkun, adaonetsa zotsatira za kafukufuku wawo. Adayesa njira imeneyi pa mitundu 10 ya magalimoto a makampani 8, ndipo onse adatseguka n'kulira. Bungwe la eni magalimoto la ku Germany lotchedwa ADAC lidapitiriza kuyesa, ndipo pofika mu Januwale 2019, mwa magalimoto 237 amene lidayesa, 230 adatseguka ndi kulizidwa popanda kiyi pafupi. Mu Novembala 2017 apolisi a West Midlands ku England adaonetsa dziko kanema wa akuba awiri akutenga Mercedes pakhomo pa munthu ku Solihull. Ntchito yonse idatenga pafupifupi mphindi imodzi, kiyi ali m'nyumba.

Njira zina ziliponso. Abale athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg, komwe timati ku Joni, akabwera kutchuthi mudzawaona akukoka chitseko cha galimoto atadina kale rimoti. Kumeneko adaphunzira kuti m'malo oimikapo magalimoto pa masitolo akuluakulu mumakhala anthu okhala ndi kachipangizo kosokoneza mafunde. Inu mudina rimoti n'kumapita, koma mawu anu sadafike kwa galimoto, zitseko zatsala zosakhoma, ndipo pobwera mupeza chikwama ndi laputopu kulibe, galasi lili lamphumphu. Ku London, katswiri wa chitetezo cha makompyuta a m'magalimoto, Ian Tabor, adaberedwa Toyota RAV4 yake m'chaka cha 2022. Iye ndi mnzake Ken Tindell atafufuza adaulula mu 2023 kuti akuba ankakanula bampala, kufika pa mawaya a nyali yakutsogolo, n'kulumikizapo kachipangizo kobisidwa m'kasipika ka nyimbo ka JBL, komwe kamanamiza galimoto kuti kiyi weniweni wavomereza. Apa kiyi wa mwini sakhudzidwa n'komwe.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za ku Ulaya ndi ku Joni, ife kuno ku Thyolo zitikhudza bwanji? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Msewu umene umabweretsa galimoto ndi womwewo umene ungabweretse kabokosi, ndipo kabokosiko kamakwana m'thumba la jekete. Malire a Muloza sali kutali ndi kwathu, moti galimoto yonyamuka pa Luchenza pakati pa usiku ikhoza kukhala itayandikira Mozambique tambala asanalire. Komanso nyumba zathu ndi zazing'ono. Galimoto timaiimika pansi pa zenera la kuchipinda kuti tiziimva, osadziwa kuti potero taika kiyi ndi galimoto pa mtunda wabwino kwa wakuba.

Tsono tiyerekeze za m'mawa umene galimoto yotere yasowa pa nyumba ya manijala pa esiteti, kapena pa nyumba ya sing'anga pa boma. Pansi palibe magalasi osweka. Alamu sidalire. Agalu mwina adauwa pang'ono n'kusiya. Kiyi ali pa tebulo pomwe adagona. Mlonda wa pa geti ya esiteti adakweza mtengo wotchinga msewu, chifukwa adaphunzitsidwa kuti galimoto ya bwana ikabwera ikulira bwinobwino, nyali zikuwala, magalasi akuda atakwezedwa, saiimitsa n'kusuzumiramo. Kodi mwini galimoto aganiza chiyani? Aganiza zomwe adaganiza akuluakulu aja pa nyumba ya feteleza, kuti pali wina wa pakhomo pomwepo amene adapereka kiyi. Chala chiloza mlonda, chiloza mtsikana wantchito amene amasesa kuchipinda, chiloza mnyamata wotsuka galimoto Loweruka, chiloza makaniko amene adasintha mafuta sabata yatha. Onsewa ndi anthu opanda loya, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene angafotokoze za mafunde a wailesi pamaso pa wapolisi.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 42, amati munthu woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndiponso kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ndi mawu abwino. Koma ntchito ya mlonda imatha khoti lisanakhale n'komwe, ndipo pa esiteti ntchito ikatha, nyumba yathanso. Tikudziwanso m'mene anthu a m'midzi ndi m'misika yathu amachitira ndi munthu amene wakuwiridwa kuti ndi wakuba. Naye mwini galimoto sapulumuka kwenikweni, chifukwa a inshuwalansi akamva kuti galimoto yapita popanda chothyoka, kiyi ali m'manja mwa mwini wake, nawonso amayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Kuba kosasiya chipsera kumaba zinthu ziwiri, galimoto ndi kukhulupirirana kwa anthu a pakhomo.

Sindikunena kuti kiyi wakale adali mngelo. Tonse tikukumbukira malole akale a pa esiteti omwe ankalira pongogunditsa mawaya awiri, ndi maloko a zitseko operepeseka omwe ankatseguka ndi kiyi wa kabati. Kachipangizo ka m'kiyi koletsa injini kulira popanda chizindikiro choyenera, komwe maiko a ku Ulaya adakalamula pa magalimoto atsopano kuyambira 1998, kadachepetsa kuba kwa mtundu umenewo. Nawo opanga magalimoto sadagone. M'chaka cha 2019 kampani ya Ford idatulutsa makiyi amene amagona tulo akakhala osagwedezeka kwa masekondi 40, moti kiyi wa pa tebulo sayankha woitana aliyense. Makampani ena adayamba kugwiritsa ntchito njira yoyeza nthawi imene mawu atenga kupita kwa kiyi ndi kubwerera, kuti galimoto idziwe ngati kiyi alidi pafupi. M'mayeso a ADAC aja, magalimoto atatu okha amene adakaniratu akuba adali a kampani ya Jaguar Land Rover okhala ndi njira imeneyi.

Vuto lathu ndi lakuti galimoto imene ikufika ku Thyolo lero kawirikawiri idapangidwa zaka 10 kapena kuposerapo zapitazo. Timalandira galimoto pamodzi ndi ziboo zimene eni ake oyamba adazitseka kale pa magalimoto awo atsopano. Ndipo nzeru za akuba nazo zili ndi kaunjika wake. Kabokosi kamene kasiya kugwira ntchito pa magalimoto atsopano a ku London sikatayidwa kudzala, kamasaka msika wina kumene kuli magalimoto akale.

Nanga tichite chiyani? Zambiri zothandiza ndi zotsika mtengo. Mafunde a wailesi sadutsa bwino m'chitsulo, choncho kiyi agone m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro chothina, monga cha mkaka wa ufa kapena chosungiramo masamba a tiyi. Musangokhulupirira chitinicho, chiyeseni: tsekeranimo kiyi, pitani nacho pa galimoto, gwirani chitseko. Chikatseguka, sakani chitini china kapena kulungani kiyiyo m'pepala la aluminiyamu. Kiyi asagone pafupi ndi zenera kapena chitseko cha panja. Mukakhoma galimoto pa msika kapena pa banki, mverani kulira kwa maloko, ndipo yesani chitseko chakumbuyo, poti chakutsogolo chikhoza kutsegukanso chifukwa cha kiyi amene ali m'thumba mwanu. Pangitsani kiyi wachiwiri woyambayo akadalipo, chifukwa kutero n'kosavuta ndi kotchipa kusiyana ndi kuyamba popanda kalikonse. Sungani kabatire kapadera m'nyumba, ndipo aliyense woyendetsa galimotoyo adziwe pomwe pabisika kiyi wachitsulo. Mukabwereketsa galimoto injini ikulira, perekani kiyi m'manja ngati kale. Mukaiimika m'galaja, musachoke musanatsimikize kuti yazima.

Choposa zonse, bwezerani chitsulo pa galimoto. Gulani chokhomera chiwongolero, kapena pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni mpiringidzo wogwira chiwongolero ndi chopondera mabuleki, wotsekedwa ndi loko wamba. Geti ya pakhomo ikhale ndi tcheni ndi loko. Anzanga ena amandiseka akaona chitsulo chachikasu chili chopingasa pa chiwongolero cha galimoto ya push start, amati ndi kuvala suti ndi nkhwaira za matayala. Ndimawasiya aseke. Wakuba wa kabokosi amadalira mphindi imodzi ndi bata. Chitsulo chimamukakamiza kutulutsa sowo, ndipo sowo imachita phokoso, imadya nthawi, imadzutsa agalu. Ikapambana n'komwe, imasiya tizidutswa ta chitsulo pansi ndi loko wodulidwa, zomwe aliyense angazione kukacha.

Kwa akuluakulu a maesiteti ndi ena onse olemba alonda ntchito, pempho langa ndi lakuti alonda auzidwe za kuba kwa mtundu umenewu, adziwe kuti munthu woima pafupi ndi khoma usiku atanyamula kachikwama, osakhudza kalikonse, akhoza kukhala ali pa ntchito. Apatsidwenso mphamvu yoimitsa galimoto iliyonse yotuluka usiku, ngakhale ya bwana wamkulu, n'kuona nkhope ya woyendetsa popanda kuopa kukalipiridwa. Kwa apolisi athu, wofufuza mlandu wa galimoto yosowa ayambe wafunsa kuti galimotoyo idali ya kiyi wanji, adagona pati kiyiyo, ndipo panali mtunda wotani pakati pa kiyi ndi khoma la panja. Mafunso atatu amenewa satenga nthawi, koma akhoza kusiyanitsa pakati pa kugwira wakuba ndi kutsekera munthu wosalakwa.

Ndipo kwa ife eni magalimoto, amene tidagula kufewa kwa moyo ndi ndalama zathu, tisalole kuti mtengo wake wotsala ukalipidwe ndi munthu amene amagona panja pa chisanu cha ku Thyolo atafunda thumba la feteleza, kulondera chinthu chimene ngakhale ife eni ake sitikudziwa bwino m'mene chimatsegukira. Galimoto ikadzasowa popanda chipsera, tisanatchule dzina la munthu kupolisi, tidzayambe takumbukira kuti kiyi amene ali m'thumba mwathuyu amayankha aliyense womuitana.